Kodi wachinyamata kapena wamkulu amene wayamba kudalira mowa ndi chamba angathandizidwe kuti muno mu Blantyre zinthu zisanafike poipa?

Mphunzitsi wa ku Chirimba analemba kuti:

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera muno mu Blantyre, ndipo ndili m'komiti yosungitsa mwambo pasukulupo. Funso langa likupita makamaka kwa a zaumoyo, kwa makolo, ndiponso kwa aliyense amene anathandizapo munthu wodalira mowa kapena mankhwala ozunguza bongo.

Wophunzira akapezeka ndi chamba m'chikwama, kapena akalowa m'kalasi akununkha kachasu, zimene komiti yathu ingachite ndi zochepa kwambiri. Timaitanitsa kholo, timamuimitsa mwanayo sukulu kwa masabata angapo, ndipo akabwerezanso timapempha kuti achotsedwe. Nthawi zina nkhani imakafika kupolisi. Pa njira zonsezi palibe ndi imodzi yomwe imene imafunsa kuti mwanayu anayamba liti, amamwa kangati pa sabata, ndiponso kuti n'chiyani chimene chikumuvutitsa mumtima. Mwana woimitsidwa sukulu amakakhala tsiku lonse pakhomo popanda wamkulu, popeza makolo ake ali kuntchito kapena kumsika, ndipo shabini imene amagulako ili pafupi ndi kwawo kuposa sukulu. Akamabwerera m'kalasi amakhala atazama kuposa mmene tinamupezera.

Kale vutoli tinkaliona mwa anyamata a fomu 3 ndi fomu 4, koma tsopano tikulipeza mwa ana a fomu 1, atsikana omwe. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti ambirife tinapumira m'mwamba, koma posakhalitsa kunabwera timabotolo ting'onoting'ono timene ana amati midoli, timene timakwana bwinobwino m'thumba la yunifolomu. Ena amasakaniza mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene amazunguza bongo, ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, moti mphunzitsi woona botololo saganizira chilichonse.

Chimene chandichititsa kuti nditchule akuluakulu m'funsoli n'chakuti makolo ena amene timawaitanitsa amafika kusukulu m'mamawa akununkha mowa iwo eni, ndipo sindidziwa kuti mwana wotere ndingamubweze bwanji kwa kholo limene nalonso likufunika thandizo.

Ndiye ndikufunsa kuti, kodi pakati pa kulanga mwana ndi kudikira mpaka atazungulira mutu n'kutengeredwa ku Zomba, pali thandizo lanji mumzinda uno? Munthu amayambira pakhomo liti? Nanga ife amene sitinaphunzire zachipatala tingachite chiyani chimene chingathandize osati kuwononga?

Wa zaumoyo wa ku Limbe anayankha kuti:

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso limeneli. Ine ndine clinical officer ndipo ndimagwira ntchito ya matenda a maganizo. Ndiyambe ndi kusiyanitsa anthu amene timawaphatikiza pamodzi tikamanena za uchidakwa, chifukwa thandizo lawo silofanana.

Pali amene angolawa chifukwa cha anzawo. Pali amene akumwa kapena kusuta mwa njira yoti zayamba kuwavulaza, monga kujomba kusukulu, kuchita ndewu kapena kugonana mosadziteteza, koma akhoza kusiya atafuna. Ndiye pali amene thupi ndi bongo wawo zayamba kudalira chinthucho. Gulu lachitatuli timalizindikira ndi zizindikiro monga chibaba champhamvu, kufuna mlingo wochuluka kuposa kale kuti aledzere, kulephera kulekeza akayamba, kupitiriza ngakhale akuona kuti banja kapena ntchito ikupasuka, ndiponso kudwala akangokhala osamwa. Ophunzira anu ambiri ali m'magulu awiri oyambawo, ndipo safunika kugonekedwa m'chipatala. Amafunika munthu wamkulu wodekha amene angakhale nawo pansi, kuwafunsa moyenera, ndi kudzakumananso nawo patapita sabata imodzi kapena ziwiri.

Chifukwa chimene timalimbikira za achinyamata n'chakuti bongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo mbali imene imakhwima pomalizira ndi ya kutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira za zochita zake. Mwana woyamba kumwa asanakwanitse zaka 15 amakhala pachiopsezo chachikulu chodzakhala chidakwa poyerekeza ndi amene wayamba atakula. Chimodzimodzinso chamba: wosuta kwambiri kuyambira ali wamng'ono amakhala pachiopsezo chodwala misala, makamaka ngati kumtundu kwawo kuli amene anadwalapo. Choncho ngakhale mutangokwanitsa kuchedwetsa mwana kuti asayambe msanga, mwachita ntchito yaikulu ya chipatala musanavale yunifolomu yathu.

Za pakhomo loyambira, njira ya boma imayambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga cha Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe, Limbe kapena South Lunzu. Blantyre ilibe chipatala chachikulu cha boma choyang'anira bomali palokha monga mmene maboma ena alili, choncho wofunika thandizo loposa pamenepo amatumizidwa ku Gulupu, ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene kuli kiliniki ya matenda a maganizo. Amene wadwala kwambiri moti afunika kugonekedwa nthawi yaitali amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. A St John of God ali ndi ntchito yothandiza anthu odalira mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo banja lofuna kupita kumeneko liyambe lafunsa za malipiro ndi malo lisanakwere basi. Kwa mwana amene akuopa kuonana ndi munthu maso ndi maso, nambala yaulere ya 116, imene a YONECO amayendetsa, ndi poyambira pabwino.

Pali chenjezo limodzi limene ndikupempha aliyense wowerenga pano alisunge, ndipo likukhudza kwambiri makolo aja mwawatchula. Munthu amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi payekha kunyumba, ndipo achibale asamutsekere m'chipinda kuti mowa umuchoke. Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, amayamba kunjenjemera manja, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyambirira akhoza kugwa ngati wakhunyu. Pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi ena amasokonezeka mutu kotheratu, amabwebweta, amaona tizilombo pakhoma, thupi limatentha ndipo mtima umathamanga. Vuto limeneli limapha ngati munthu salandira thandizo. Kuchipatala timapereka diazepam pa mlingo umene timautsitsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, pamodzi ndi thiamine, amene ndi vitamini B1, woteteza bongo kuti usawonongeke. Chamba sichiopsa chotere munthu akachisiya: amakwiyakwiya, amasowa tulo ndi chilakolako cha chakudya kwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma moyo wake sukhala pachiswe.

Tsopano ndinene maganizo anga pa chimene chingasinthe zinthu. Nthawi zambiri tikamakamba za vutoli anthu amafuula kuti boma limange malo akuluakulu osungirako zidakwa. Malo otere ndi ofunika, koma amathandiza anthu ochepa, pa mtengo waukulu, ndiponso pamene zinthu zaonongeka kale. Chimene chingapulumutse anthu ambiri ndi kufunsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakonza mafunso 10 otchedwa AUDIT, amene amatenga mphindi zochepa, ndipo wopeza mapointi 8 kapena kuposerapo amakhala kuti kamwedwe kake kafika poopsa. Palinso ASSIST, wofunsa za fodya, mowa, chamba ndi mankhwala ena, ndiponso CRAFFT, wa mafunso 6 amene anakonzera achinyamata. Wopezeka kuti ali pachiopsezo amalandira uphungu waufupi wa mphindi 5 mpaka 15, umene sukhala ulaliki kapena kukalipa. Mphungu amamuuza munthuyo zimene mayankho ake akusonyeza, amamufunsa chimene iye mwini amachikonda ndi chimene chimamudetsa nkhawa pa kamwedwe kake, ndipo amagwirizana naye pa chinthu chimodzi chimene ayese kusintha asanakumanenso. Njira imeneyi ili m'ndondomeko ya WHO ya mhGAP, imene inakonzedwa n'cholinga choti anamwino ndi ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono azitha kuthandiza popanda kudikira katswiri.

Anthu odalira mowa amabwera kale m'zipatala zathu, koma amabwera ndi mayina ena a matenda. Amabwera ndi zilonda za m'mimba, kuthamanga kwa magazi, bala la ndewu, ngozi ya kabaza, chifuwa chachikulu, kapena kudumphitsa ma ARV. Amayi oyembekezera amabwera kusikelo, ndipo mowa umavulaza mwana ali m'mimba. Tikanamafunsa za mowa m'malo onsewa monga mmene timayezera sikelo ndi BP, n'kulemba m'kabuku ka kuchipatala, tikanawapeza anthuwa zaka zambiri asanafike ku Zomba. Ndiwonjezere kuti pansi pa kumwa kwa achinyamata ambiri pamakhala matenda a nkhawa, kukhumudwa, nkhanza za kunyumba kapena kugwiriridwa. Mukamacheza ndi mwana wotere musaope kumufunsa mwachindunji ngati anaganizapo zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira mpata woti alankhule, ndipo akavomera mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Bambo wa ku Ndirande anayankha kuti:

Adokotala afotokoza bwino, ndipo zonse anena za kunjenjemera ndi kuona tizilombo ndinadutsamo ine mwini, choncho ndikuchitira umboni kuti n'zoona. Ndakhala zaka zingapo tsopano osalawa mowa. Koma ndikufuna kuwonjezera mbali imene ndikuona kuti a chipatala saipatsa kulemera kokwanira, ndiyo ya zimene zimachitika munthu akatuluka pachipata cha chipatala.

Kuchotsa mowa m'thupi ndi ntchito ya sabata imodzi. Ntchito yeniyeni imayamba tsiku lobwerera kunyumba, pamene munthu amapeza ngongole zili pomwepo, ntchito inatha, mkazi sakumukhulupiriranso, ndipo anzake okhawo amene amamulandira ndi manja awiri ndi a kumowa. Kwa ife a m'makwalala a Ndirande, Mbayani kapena Bangwe, mowa suli kutali koti munthu achite kuupita. Uli pakhomo loyandikana nalo, uli pamaliro usiku wa mchezo, uli pa siteji pamene oitanira minibasi amagawana ndalama, ndipo pena ganyu amalipidwa ndi kapu ya kachasu. Tsiku la malipiro ndiye loopsa kuposa onse. Munthu wopatsidwa tsiku lodzaonananso ndi dokotala pakatha mwezi amakhala ndi madzulo makumi atatu oti adutse yekha, ndipo ambiri amagwa m'sabata zoyambirira zomwezo.

Akagwa, abale amati thandizo lija linali lachabe ndipo ndalama zinangotayika. Pamenepa m'pamene ndikufuna anthu amvetse. Akatswiri a ku America oona za vutoli amanena kuti anthu 40 mpaka 60 pa 100 alionse amene alandira thandizo amabwereranso kumowa kapena kumankhwala nthawi ina, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso. Wa BP akakwera magazi sitimuthamangitsa pakhomo, timabwerera naye kuchipatala. Woyambiranso kumwa nayenso afunika kubwerera msanga, tsiku lotsatira lomwelo, manyazi asanamutsekere pakamwa.

Chimene chinandigwira ine dzanja ndi kukumana sabata iliyonse ndi anthu ena amene akulimbana ndi vuto lomweli. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba mu 1935 ku America ndi anthu awiri okha amene anazindikira kuti chidakwa chimamvera chidakwa chinzake kuposa mmene chimamverera wina aliyense. Gulu lotere silifuna ndalama zambiri. Lifuna chipinda, mipando, nthawi yosasinthasintha ndi lamulo lakuti zokambidwa mmenemo zisatuluke kunja. Koma kuti lithandize munthu wa kabaza kapena wogulitsa makala, liyenera kukumana m'dera lake lomwelo, m'Chichewa, ndiponso pa nthawi imene iye waweruka. Msonkhano wa m'Chingerezi wochitikira m'tauni, wofuna minibasi ziwiri kupita ndi ziwiri kubwerera, sungamufikire. Ndikanakonda chipatala chaching'ono chilichonse mu Blantyre chikanakhala ndi gulu lotere, ndipo wotuluka m'chipatala azipatsidwa dzina la munthu amene akamulandire kumeneko, osati kapepala ka tsiku lokha.

Chinanso ndi dzina la malo othandizirako. Amuna ambiri amene ndimawadziwa sangapite kumene kwalembedwa za misala, chifukwa amati iwo si amisala, ndipo akunena zoona. Akanamalandira uphungu pa khomo lomwelo limene amalandirira mankhwala a BP kapena a shuga, ambiri akanapita. Amayi ndiye amabisala koposa, popeza mwamuna woledzera anthu amangomuseka, koma mkazi woledzera amamutcha mayina oipa, moti amamwera m'nyumba mpaka chiwindi chitatupa.

Tisaiwalenso kuti wosauka akazama amatsikira ku mowa wotsika mtengo kwambiri, umene palibe amene akudziwa zimene zathiridwamo. Tonse tikukumbuka anthu amene anamwalira ku Manase mu 2024 atamwa mowa umene anthu anautcha kuti ambuye n'tengeni. Amene anafika pomwa zoterozo sanayambe tsiku limenelo, ndipo panali zaka zambiri zimene wina akanawafunsa funso lija adokotala anena.

Adokotala, ndinamvapo za mankhwala ochepetsa chibaba cha mowa. Ngati mungabwerenso pano, tifotokozereni.

Mayi wa Mvano wa ku Zingwangwa anayankha kuti:

Ine ndilankhulako monga kholo ndiponso monga mmodzi wa amayi amene timayendera mabanja m'dera lathu. Mabanja ambiri sayambira kuchipatala. Mwana akayamba kusintha khalidwe, kuba ziwiya za m'nyumba ndi kulankhula yekha, amayamba aganiza kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi mizimu yoipa, ndipo amapita kwa asing'anga kapena ku mapemphero. Ine ndimakhulupirira pemphero ndi mtima wanga wonse, koma ndaona ana akumangidwa zingwe ndi kusalitsidwa kudya masiku ambiri pamene thupi lawo linkafuna mankhwala. Abusa, ansembe, mashehe ndi atsogoleri a miphakati ndi amene amamva nkhanizi poyamba, choncho iwowa ndi amene ayenera kuphunzitsidwa zizindikiro zimene adokotala atchula, kuti azipemphera ndi banjalo kenako n'kuliperekeza kuchipatala. Zipinda zimene bambo a ku Ndirande akufuna zilipo kale m'matchalitchi ndi m'mizikiti mwathu, ndipo zimakhala zotseka pakati pa sabata.

Koma ife makolo tilinso ndi mbali yathu. Timatuma ana kukagula mowa ndi fodya, ngakhale lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo potero timawaphunzitsa njira, mtengo ndi wogulitsa. Tikamva kuti mwana wa mnzathu wayamba kusuta, timangouza ana athu kuti asamacheze naye, osapita kukalankhula ndi mayi ake. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma m'tauni muno tinasiya kuchita zimenezo poopa kuyankhidwa mwano.

Za amayi otcheza kachasu ndipemphe kuti tisamangowatukwana. Ambiri ndi amasiye amene akulipirira ana sukulu ndi ndalama yomweyo. Kuwaphwanyira mbiya lero kumangowachititsa kukatcheza kuseri mawa. M'dera lathu tinayesa kukhala nawo pansi pamodzi ndi amfumu, n'kugwirizana kuti asamagulitse kwa ana ndiponso asamatsegule m'mawa, ndipo ena tinawalowetsa m'banki mkhonde kuti apeze mpamba wa geni ina. Si onse amene anasunga panganolo, koma amene analisunga ndi amene tsopano amatitsina khutu mwana wa yunifolomu akafika pakhomo pawo.

Wogwira ntchito ndi achinyamata ku Bangwe anayankha kuti:

Aphunzitsi, pa nkhani ya kupolisi, dziwani kuti lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalola kuti mwana wopalamula mlandu wosaopsa kwambiri apatutsidwe ku njira ya makhoti, n'kupatsidwa uphungu kapena kuyang'aniridwa ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Choncho nkhani ikafika kupolisi, pemphani kuti wa ofesi imeneyi akhalepo kuyambira pachiyambi. Kutumiza mwana ku malo osinthira khalidwe monga ku Mpemba kuyenera kukhala komalizira, njira zina zonse zitakanika.

Achinyamata ambiri amene ndimacheza nawo amanena kuti chamba chinaloledwa. Muwafotokozere kuti lamulo la Cannabis Regulation Act la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, koma kusuta ndi kupezeka nacho popanda chilolezo ukadali mlandu.

Pa za kupewa, maphunziro a tsiku limodzi oopseza ana ndi zithunzi za mapapo owola sasintha zambiri. Dziko la Iceland linatsata njira ina kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990: makolo anagwirizana za nthawi yofikira ana pakhomo madzulo, anawonjezera nthawi yokhala ndi ana awo, ndipo boma linaika ndalama m'masewero ndi maluso a ana akaweruka kusukulu. Ana a zaka 15 ndi 16 amene ananena kuti analedzerapo m'mwezi wapitawo anatsika kuchoka pa 42 pa 100 alionse mu 1998 kufika pa 5 mu 2016. Ife tilibe chuma cha Iceland, koma maola oopsa ndi omwewo, kuyambira poweruka mpaka makolo atafika madzulo, ndipo mabwalo ambiri amene ana ankasewererapo mpira m'madera mwathu anamangidwapo nyumba. Bwalo la sukulu yanu likanamakhala lotsegula masana, pali wamkulu woyang'anira, likanagwira ntchito imene chilango sichingagwire.

Mphunzitsi wa ku Chirimba analembanso kuti:

Ndathokoza nonse. Ndikapereka ku komiti yathu ganizo lakuti wophunzira wopezeka koyamba asamaimitsidwe sukulu, koma azikumana ndi mphunzitsi wa uphungu sabata iliyonse kwa teremu yonse, ndipo kholo lizisainira kuti lapita naye kuchipatala chaching'ono. Amayi a mother group ndikawapempha kuti aziyendera makolo amene nawonso ali ndi vutoli, popeza iwo angalankhule nawo mwa njira imene ine sindingathe.

Chandivuta ndi chimodzi. Mwana akabwera yekha kudzandiululira kuti amasuta, malamulo a sukulu amafuna kuti ndikanene kwa akuluakulu, koma ndikanena palibenso mwana amene adzabwere kwa ine. Adokotala, inu mumachita bwanji pa nkhani ya chinsinsi?

Wa zaumoyo wa ku Limbe anayankhanso kuti:

Aphunzitsi, ife timanena malire a chinsinsi poyambirira penipeni, mwanayo asanaulule kanthu. Timamuuza kuti zimene tikambirane zikhala pakati pathu, kupatula ngati moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi, kapena ngati pali wamkulu amene akumuchitira nkhanza, kumugwiririra kapena kumutuma kugulitsa mankhwalawo. Zikatero timamuuza kuti tiyenera kudziwitsa ena, ndipo timagwirizana naye kuti tiuze yani ndiponso kuti iye akhalepo kapena ayi. Pa nkhani zina zonse timayesetsa kuti mwanayo akauze yekha kholo kapena wachibale amene amamukhulupirira, ife tili pambali pake, chifukwa thandizo la wachinyamata limayenda bwino kwambiri banja likakhalamo. Kusukulu kwanu, pemphani kuti lamulo lisiyanitse mwana amene wabwera yekha kudzapempha thandizo ndi amene wagwidwa akugulitsa kwa anzake, ndipo kusiyanitsako kulembedwe ndi kulengezedwa pa asembule, kuti inu musamaswe lamulo posunga chinsinsi. Ndibwinonso kuti mphunzitsi wa uphungu asakhale m'komiti yopereka zilango, choncho mungafunike kusankha mpando umodzi mwa iwiriyo.

Bambo a ku Ndirande, mankhwala mukufunsawo alipo. Naltrexone amachepetsa chibaba ndi kukoma kumene munthu amamva akamwa, acamprosate amathandiza amene wasiya kale kuti asabwerere, ndipo disulfiram amadwalitsa munthu kwambiri akangolawa mowa. Onsewa amafuna dokotala amene wayeza chiwindi ndi impso za munthuyo, ndipo amagwira bwino akaphatikizidwa ndi uphungu ndi magulu amene mwafotokoza aja. Ndichenjeze amayi ndi achibale kuti disulfiram kapena mankhwala ena alionse osanzitsa asathiridwe mobisa m'chakudya cha munthu, chifukwa womwa mowa asakudziwa kuti wamwa mankhwalawo akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Naltrexone nayenso sayenera kuperekedwa kwa munthu amene akumwa codeine, tramadol kapena morphine, chifukwa amamudwalitsa mwadzidzidzi, choncho wodwala anene zonse zimene akumwa asanalembedwe mankhwalawa.